Nambala 14

Jakisoni ndabaya 9 koloko ndendende.
Makoswe oyera khumi ndi asanu ndi mmodzi,
aliyense ndi nambala yake ya inki kumchira.
Pasanathe mphindi zinayi ayamba kudzandira
ngati amuna otuluka m'bala ku Mbare pakutha pa mwezi,
kenako khu, chammbali.
Ndimawagoneka chagada, mimba kumwamba,
tizala tofiirira titafumbata mpweya.
Ntchito yanga yotsala ndi kudikira.

Fomu ya Dokotala Marufu ili ndi bokosi limodzi lokha:
nthawi imene khoswe wadzitembenuza yekha
n'kuponda pansi ndi miyendo yonse inayi.
Pamenepo, akuti, mankhwala atha.

Nambala 3, mphindi makumi anayi ndi ziwiri.
Nambala 9, ola lathunthu.
Magetsi athima, jenereta yakhosomola kuseri,
maluwa a jakaranda akuyoyokera pagalimoto ya adokotala,
nambala 14 akadali chigonere,
ndevu zokha zikunjenjemera.
Ola ndi mphindi makumi awiri. Watembenuka.
Ndalemba, ndasayina.

Koma wobwera m'mawa kudzasintha utuchi ndine.
Lachitatu sanakwere pawaya monga achitira akamva makiyi anga.
Lachinayi anafika pabotolo la madzi n'kungoima
ngati munthu wolowa m'chipinda
ataiwala chimene wadzera.
Anzake akulimbirana chakudya, iye ali pakona,
ubweya wosapesa.
Zimenezi fomu ilibe pozilemba.

Madzulo ndimakwera kombi ya ku Dzivarasekwa,
chikwama pamiyendo, manja akununkhabe magolovesi.
Bambo anga anatuluka m'chipatala mwezi wa Juni.
Opaleshoni inayenda bwino,
pakhadi anesi analemba kuti anatsitsimuka 3 koloko masana.
Anatsitsimukadi. Amadya, amayankha moni,
nsapato amamanga okha.
Koma wailesi sanaitsegulebe,
bawo lawo lachita fumbi pansi pa bedi,
ndipo dzulo anandiitana Nasiwelo,
dzina la mlongo wawo amene anamusiya ku Dedza
ine ndisanabadwe.
Ndinavomera.

Ndani amagwira wotchi ya zotere?
Amaiimitsa poti?

Lero Lachisanu ndalawirira, mlonda akadali m'jasi.
Nambala 14 wakhala chilili pamiyendo yakumbuyo,
wanyambita manja onse awiri,
wayamba kutsuka nkhope kuchokera kumakutu,
pang'onopang'ono, kubwereza katatu.
Ndatembenuza fomu ija, kumbuyo kopanda mizere,
ndalemba ndi pensulo yanga yanga:
mphindi khumi kupitirira 7 koloko,
tsiku lachinayi.
Pansi pake ndasiya malo.