Maswiti Atatu M'thumba la Dalaivala

Folo koloko m'mawa, Chilenje akadali m'tulo,
ndimameza philisi loyera ndi tiyi wopanda kanthu,
tiyi amene ngakhale nyerere imamulambalala,
kenaka ndimaliza minibasi.

Pa kapepala analemba kuti metifomini,
kawiri pa tsiku, mutadya.
Sanalembe kuti m'kamwa muzimveka
ngati ndagona ndikuyamwa ngwee yakale.
Za m'mimba ndinaziphunzira ndekha
pa msewu wa Chilimbulu, magalimoto atathithikana,
anthu khumi ndi asanu ndi atatu kumbuyo kwanga,
m'mimba mukubangula kuposa injini.
Ndinaimika ku Kabwata, n'kuliyatsa liwiro nditagwira lamba.
Yotamu, kondakitala wanga, anauza anthu
kuti ndapita kukasaka chenji.
Mnyamata ameneyu Mulungu amusunge.

Lero ndimadziwa chimbudzi chilichonse
kuchoka kwathu mpaka pa Kulima Tower:
cha makwacha awiri, chopanda loko,
china chimene mlonda wake amandifunsa za ana.
Anzanga amaloweza mavesi.

Ndinawasiya mankhwalawo milungu itatu.
Ngakhale Tikambenji, wogona naye mphasa imodzi, sanadziwe.
Ludzu linabwerera ngati wangongole,
usiku kudzuka kasanu,
nambala pa kamakina ikukwera ngati mtengo wa dizilo.
Sisitala Lungu sanakalipe.
Anangondivula nsapato,
nandikhudza chala chachikulu ndi kaulusi kolimba.
"Mukumva?"
Ndinati inde. Theka linali bodza.
"Bambo Chikopa, phazi ili ndi limene limaponda buleki."
Ndinaona mkulu wanga Ziyenela pa bedi la ku UTH,
bulangete litagona pansi pamene panali mwendo.

"Muzimwa chakudya chili m'kamwa, m'mimba mudzazolowera."
Anaonjezanso kena, kochepa ngati njere ya mpunga,
dzina lake lalitali kuposa mzere wa pakiliniki:
gilibenikilamaidi.

Kameneka nkhanza zake n'zachinunu.
Lachiwiri lina ndinadumpha nkhomaliro
pothamangitsa ndalama ya mwini basi.
Pa maloboti a ku Kamwala manja anayamba kuvina okha,
thukuta lozizira ngati la m'mochale,
zikwangwani zonse ziwiriziwiri.
Ndinatukwana mphunzitsi wosalakwa.
Ndinakhotera pambali, sindikumbuka kuti bwanji.
Mayi wa mpando wakutsogolo, wa dengu la tomato pamiyendo,
sanafunse funso.
Anamasula nsonga ya chitenje,
nandikankhira switi m'kamwa ngati khanda.
"Nanenso ndine wa shuga," anatero. "Yatsika. Yamwani."
Sindinamufunse dzina.
Anatsika pa Soweto, ndipo analipira.

Nanga ndinene kuti chiyani?
Wondidya maso ndi impso ndi yemweyo,
wonditsitsimula pa chiwongolero ndi yemweyo.
Wapakaliyala sayimba belu,
shuga nayenso: pokwera zii, potsika ndiye phokoso.
Sisitala anachepetsa kaphilisi kaja,
nandilumbiritsa kuti basi ikhoza kudikira, nkhomaliro ayi.

Choncho m'thumba la malaya mumakhala maswiti atatu.
Dzana Chawezi, chitsiriza wanga, anawapeza pochapa.
"Atate, mwayamba kuba?"
Ndinamuuza kuti ameneyo ndi tayala lapadera,
saliyendetsa, salisiyanso kunyumba.
Anawabwezera awiri.

Usiku magetsi akapita, Tikambenji amayatsa tochi ya foni,
ine ndimatenga galasi lakumbali
limene linathyoka pa basi yakale,
n'kuliika pansi pa mapazi.
Galasi lomwe lija ndinkaonera zobwera kumbuyo.
Timayang'ana chidendene, pakati pa zala, chala ndi chala,
kufuna kabala kamene sindingakamve.
"Palibe," amatero iye.
Ndimawerenga mapilisi a mawa pa sosala,
loyera lalikulu, theka la kakang'ono,
n'kutchera alamu ya hafu fili.