Khumi ndi Zisanu ndi Ziwiri Zabwerera

Uthenga unandipeza pa depoti,
bandulo itatsala pang'ono kutha:
pa zithunzi makumi awiri zomwe ndinatumiza kumsika wa pa intaneti,
zitatu zokha zalowa.
Zinazo andibwezera ngati tomato wofinyika.

Wondikanayo sindimudziwa.
Kaya ndi munthu, kaya makina osagona tulo,
diso lake lilibe chibale.
Sadziwa kuti ndinayenda wapansi kuchokera ku Kawale
kuti ya kabaza ndigulire batire.

Choyamba, akuti chagwedera.
Ndinakulitsa nkhope ya Zakeyu wa chiwaya ku Mchesi:
zoonadi, maso ake asungunuka,
chooneka bwino ndi mpanda wa kumbuyo kwake.
Dzanja linanjenjemera. Njala inajambula nawo.

Cha usiku ku Bwandilo chadzaza mchenga
ngati mpunga wosapeta.
Cha mitambo ya ku Kanengo chili ndi kadontho pakona,
fumbi la Okutobala lomwe linagona pa galasi
ine osalipirikitsa.
China akuti ambulera ya wogulitsa mayunitsi
yanyamula dzina la kampani,
ndipo dzina la eni sagulitsa mlendo.

Nanga dzuwa langa lija, likulowa cha ku Chinsapo,
lofiira ngati chitenje chatsopano?
Akuti otere ali nawo miyandamiyanda.
Ndinatukwana chamumtima.
Kani dzuwa limalowa kwa aliyense.

Chimene chinandiwawa ndi cha mayi Nasimango
pa mlatho wa matabwa wa ku Tsoka,
dengu pamutu, mtsinje wa Lilongwe ukudutsa pansi pawo.
Chakuthwa, chowala, chopanda banga.
Koma akuti: pepala la chilolezo lili kuti?

Lachinayi ndinabwerera ndi pepalalo.
Analiwerenga mpaka mzere womaliza, chala chikutsata mawu.
"Ndiye nkhope yangayi ikafika kuti?"
Ndinati sindikudziwa, mayi. Mwina m'buku, mwina pa chikwangwani
m'dziko lomwe tonse sitidzapondako.
"Tsiku lija unangotola ngati bowa," anatero,
"lero wabwera ngati munthu."
Anasaina, nati chimodzi chotsuka chikhale chawo.

Ndinakhala pa kreti kuwaonerera akupanga milu.
Wobooka, pambali. Wobiriwira, m'dengu.
Pa tomato khumi, anayi okha anakwera pamwamba.
Sanandiuze kanthu.
Manja awo okha ndiwo anandichititsa manyazi,
ine wokhuthula thumba lonse pamaso pa wogula,
zithunzi zisanu ndi chimodzi za minibasi imodzimodzi.

Tsopano ndimadzuka mdima usanathe,
kuwala kusanakwiye.
Galasi ndimapukuta ndi kansalu kakekake, osati malaya.
Wowotcherera wa ku Biwi anandipangira miyendo itatu
ya zitsulo zotsala pa geti;
ndi yolemera ngati ngongole, koma sinjenjemera.
Ndimayang'ana m'makona ndisanadine,
ndimasuntha phazi kuti chikwangwani chituluke.
Mapepala ali m'chikwama, cholembera m'thumba.
Pansi pa chithunzi sindilembanso "munthu pamsika".
Ndimalemba: mayi, tomato, mlatho wa matabwa, m'mawa, Lilongwe,
kuti wofunafuna asasochere.

Ndipo dzuwa ndalisiya lilowe lokha.
Ndikujambula zomwe alibe:
dzanja la telala likukoka ulusi ku Area 23,
matumba a makala atatu pa njinga imodzi,
mwana akuwerenga pa kuwala kwa foni magetsi atazima.

Sabata yatha ndinatumiza zisanu.
Zinayi zalowa.
Chimodzi chagulidwa kale, ndalama yake
siikwana ngakhale mbale ya tchipisi.

Chogwedera chija ndinakatsukitsa ku Malangalanga.
Zakeyu anachiyang'ana nthawi yaitali,
napukuta mafuta m'manja, nachikhoma pa mtengo wa shedi.
"Utsi umandionetsa chonchi kumene," anatero,
nandiwonjezera chibwente chimodzi.