Msika Utsekedwa Sikisi Koloko

Kwatsala mphindi makumi anayi.
Pa desiki panga pali mafoni awiri, khofi wozizira,
ndi pepala lomwe ndajambulapo mivi itatu,
uliwonse ukuluma mchira wa unzake.

A ku Portland atipatsa Kowalke, woponya wamanzere,
amene mpira wake umafika ngati mawu achipongwe:
usanaumvetse, wakupweteka kale.
A ku Albuquerque atenga anyamata athu awiri a m'timu ya ana,
n'kuthira ndalama ku Portland kuti ukwati ukome.
Ife a ku Omaha tipereke Barahona.

Barahona.
Ndalemba dzinalo kawiri, cholembera chikukanda pepala.

Priyanka wa masamu wanena kale zake.
Akuti Kowalke atiwonjezera masewero atatu opambana,
mwina anayi mphepo ikatikomera.
Akuti mawondo a Barahona ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi,
ndipo akanyamuka amalira ngati chitseko cha galaja.
Sakunama mwanayu.
Manambala alibe m'bale.

Koma ndinachiona chithunzi cha chigongono cha Kowalke.
Dokotala analoza kamtsempha kotuwa
n'kunena kuti, "Mwina zaka zisanu. Mwina Lachiwiri likudzali."
Chikomekome cha mkuyu.
Nanga ung'amba mkono wa munthu
kuti uwerenge nyerere?

Anyamata awiriwo, Pruitt ndi Hatanaka,
nkhope zawo sindingaziloze pagulu.
Ndikugulitsa zipatso zidakali maluwa.
Mmodzi adzabwera kuno atavala malaya a eni,
adzamenya mpira kudumpha mpanda wathu,
ndipo manyuzipepala adzakumbukira dzina langa.

Barahona ndinam'peza ndekha ku San Pedro,
ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
akuwakha mpira ndi katoni ya mkaka.
Zaka khumi ndi chimodzi wanjuta kuseri kwa omenya,
zala zake zapindika ngati mizu ya m'miyala.
Amadziwa woponya wofunika kukalipiridwa
ndi wongofunika kugwiridwa phewa pakachulu paja.
Zimenezi pa kompyuta ya Priyanka zilibe malo.
Mkazi wake anadzala tomato mu Meyi.
Sanapse.

Koma sanandilembe ntchito yokonda anthu.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri mzindawu sunagwire chikho.
Pali mkulu wina, mpando wake uli mzere wachitatu,
amabwera ndi chipewa cha malemu mkazi wake
n'kuchikhazika pa mpando woyandikana nawo.
Amalipira matikiti awiri.
Iyeyo ndim'uza chiyani mu Okutobala?
Kuti ndinasunga mawondo ofooka chifukwa cha katoni ya mkaka?

Mayi Lindqvist, eni timu, atumiza uthenga
wa liwu limodzi: Ndiye?

Pansi, Orval wosoka malaya wadikira
ndi kampeni kake kosomphola ulusi.
Amati kuchotsa dzina pamsana n'kosavuta,
chovuta ndi mthunzi wa zilembo wotsala pansalu.

Pawindo ndikumuona Barahona pa udzu,
akutenthetsa mkono wa kamnyamata katsopano.
Phaa! mu golovesi. Phaa!
Wakweza mutu, wandiona, wandikwezera dzanja.
Ndam'kwezera langa, lija logwira cholembera.

Kwatsala zisanu ndi chimodzi.
Foni ya Portland ikulira.
Ndati, "Sizikukwana. Muwonjezerepo woponya wina,
ndiponso mulipire theka la malipiro a Kowalke."
Ndapempha zambiri dala,
monga amachitira munthu wosafuna kugulitsa,
kuti akane ndi iwo,
ine ndigone ndi manja oyera.

Chete.
Ndikumva wina akutsokomola ku Oregon.

"Tavomera."

Kuchoka mu ofesi yanga kukafika pabwalo
pali masitepe makumi asanu ndi limodzi.
Chikepe chilipo, chikugwira ntchito.
Nditsika wapansi.