Ndege Yobwereka

Ku Chiputula, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege,
ndimakonza njinga zamoto za anyamata a kabaza.
Manja awa, zaka makumi awiri ndi zitatu,
ankapisa m'mimba mwa ndege za asilikali.
Lero amakunga tcheni.

Wanangwa, mwana wa mlongo wanga,
wabwera Loweruka chifunga chisanachoke,
wakhala pa chigubu cha oyilo
nayala masamu ake pa bondo.
Akuti, Malume, ndege imadya ngakhale itagona.
Matayala, inshuwalansi, sukulu ya oyendetsa,
malipiro a anthu ngati inu.
Bwanji boma lingochita hayala kwa akampani
tsiku lomwe lafuna,
monga tichitira ndi lole ya pamaliro?

Ndamuuza andipatsire sipanala.

Sakunama mnyamatayu, ndicho chikundiwawa.
Ndikukumbuka miyezi isanu ndi itatu
tikudikira kapampu kochepa ngati chibakera,
mapepala akuzungulira m'maofesi,
ife tikusewera bawo pansi pa phiko.
Ndikukumbuka tikubera ndege ina zitsulo
kuti inzake idzuke.

Koma ndikukumbukanso usiku wina wa mvula,
madzi atadula msewu kumpoto uko,
lamya inalira nthawi ya atambala oyamba.
Palibe anafunsa kuti alipira ndani.
Kaputeni Luhanga anavala nsapato mosemphanitsa,
tinanyamula mabulangete, mankhwala,
pobwerera mayi wina wapakati
amene ankandifinya dzanja mpaka kutera.

Ndafunsa: wakampani ukamuimbira nthawi imeneyo
ndege yake ili kunja ndi alendo okaona njovu,
udzamulamula?
Msilikali amalumbira. Wamalonda amasayina,
ndipo pansi pa pepala pamakhala timalemba tating'ono.
Adzadziwanso kuti anyamata athu apita kuti,
angati, atanyamula chiyani.

Wanangwa waseka.
Akuti zonsezo zimalembedwa mu mgwirizano,
wophwanya amalipa chindapusa.
Akuti lumbiro silithira mafuta mu thanki.
Akuti ndalama zotsalazo zigule nsapato za asilikali,
zifolere nyumba zodontha ku Moyale.
Ndati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.
Iye wati yanuyanuyo, Malume, inaguluka kangati?

Sindinayankhe.
Mnyamata wa kabaza amafuna njinga yake.

Chakumasana dzuwa litang'amba mtambo
kandege koyera katsika modutsa pa Katoto,
kopanda mbendera, dzina lachilendo kumchira.
Wanangwa waloza: mwaona kuwala kwake?
Ine sindinayang'ane.
Ndinatseka maso, monga anatiphunzitsira,
kumvetsera.

Injini ya kumanzere ikukoka mpweya mochedwa pang'ono.
Pang'ono chabe.
Ndayika sipanala pansi, ndapukuta manja,
ndayenda mpaka pa waya.
Mlonda wovala yunifolomu yomwe sindikuidziwa
wandifunsa ngati ndili ndi tikiti.