Bedi Seveni, Bedi Eyiti

Teni koloko usiku pa Bwaila.
Oitanira minibasi kudepoti atsitsa mawu,
mwatsala ine, fani yolira ngati igwa,
ndi buku la mankhwala lothothoka chikuto.

Awiriwa anang'ambidwa lero lomwe masana.
Dokotala mmodzi, mzere womwewo pansi pa mchombo,
ulusi wa m'bokosi limodzi.
Jakisoni ndinabaya ndekha, muyezo wofanana.

Pa seveni, Enelesi wa ku Mgona wagonadi,
kukamwa yasa.
Anadzuka kamodzi kokha
kufunsa ngati foni yake yadzadza moto.

Pa eyiti, Sungeni wa ku Chinsapo
waluma chitenje mpaka maluwa ake anyowa.
Sakulira mokweza.
Akungoti mayo, pansipansi,
ngati akuopa kudzutsa bala.

Apongozi ake, pakatoni yoyala pansi, sakumuyang'ana.
"Ana a masiku ano. Taona mnzakoyo.
Ine asanu ndi awiri, m'nyumba,
popanda ngakhale panado."

Mawu amenewa ndimawadziwa, anali anga.
Zaka zoyamba ndinkagawa odwala m'mutu:
uyu ngolimba mtima, uyu ngodzimvera chisoni.
Kufikira chaka chomwe anandigoneka ine,
pa bedi la pafupi ndi zeneralo,
jakisoni n'kundidutsa ngati madzi m'dengu,
mnzanga wa ntchito n'kundiweramira:
"Asisitala, inunso?"

Ndiye ndinagwada pafupi ndi katoniyo.
"Amayi, si ulesi. Ndi majini."

Anagwira kolona wa m'khosi.
"Majini? Kwathu kulibe zimenezo!"

Ndinaseka, ndisaname.
"Osati okatulutsa kumapemphero aja.
Awa ndi tizilembo tosaoneka ndi maso,
tomwe tapatsa mdzukulu wanuyu makutu a bambo wake.
Tomweto timauza chiwindi kagwiridwe ka ntchito.
Chiwindi cha wina ndi chigayo cha magetsi,
mankhwala akangolowa agayika, apita.
Cha wina chimasinja ngati mtondo, pang'onopang'ono.
Ndiponso mankhwala ali ngati kiyi:
loko wa uyu amatseguka ukangokhudza,
wa uyu mpaka ugwedeze, ukankhe chitseko ndi phewa.
Palibe anasankha loko wake."

Sanayankhe. Anakonza duku.

Makina owerengera tizilembo timeneti
muno muwodi mulibe.
Makina athu ndi funso.
"Sungeni, ziro n'kusamva kanthu, teni n'kufa. Uli pati?"
Anatambasula zala zisanu ndi zinayi.
Chakhumi chinali m'kankhonya ka mwana.

Ndinaimbira dokotala wa usiku.
Anabwera maso ali psu, jombo zosamanga,
anaona bala, anayeza kuthamanga kwa magazi,
nalemba muyezo wina.

Kenako ndinabwerera pa seveni,
poti tulo tokoma kwambiri timandiopsanso.
Ndinaima ndi wotchi kuwerenga mpweya wa Enelesi,
chifuwa kukwera, chifuwa kutsika.
Khumi ndi zinayi pa mphindi. Chabwino.
Muyezo wochepera mnzakeyo
kwa iye ukhoza kukhala mtsinje wosefukira.

Cha m'ma folo, mzikiti utaitana,
chitenje chinagwa pakamwa pa Sungeni.
Mano anasiya tizibowo tinayi pa duwa lofiira.

Apongozi ananyamula khandalo,
nalitembenuzira ku kuwala kwa m'khonde,
kuliona makutu, kuliona zikhadabo.
Ndi mtsikana.
"Nanga uyu," anatero, osandiyang'ana,
"watengera loko wa ndani?"

Sindikudziwa, amayi.
Tsiku lake likadzafika mudzamufunse,
akadzakuonetsani zala mudzawerenge bwino.

Kunja wogulitsa mandasi wayamba kale kuyala beseni.
Ndatsegula buku, ndalemba nthawi,
ndalemba seveni, ndalemba eyiti,
manambala awiri oyandikana
omwe sanagonepo tulo tofanana.