Makatoni Atatu

Sitolo ya m'sitima imatsekulidwa gombe likazimiririka.
Tikakocheza padoko, chitseko chake ndi gwa,
koma tikafika pakati pa madzi opanda mwini
nyali zimayaka, mitengo n'kugwa ngati mango a Disembala.
Kumeneko, kopanda boma lotambasula dzanja,
ndinagula makatoni atatu a ndudu
ndi ndalama zoyala mabedi a alendo,
miyezi isanu ndi inayi ya mapilo, matawulo
ndi masanzi a anthu olemera.

Ndinawerengera chonchi:
imodzi ya bambo,
imodzi ya anzawo a pabawo ku Mabvuku,
yachitatu yongokhala pamwamba pa kabati,
umboni woti mwana wawo anaiona nyanja ya mchere.

Lero ndatera pabwalo la ndege la Harare.
Khomo lobiriwira uko, lofiira uku.
Mapazi asankha lobiriwira mutu usanavomere.
"Sisi, tabwerani kuno."
Pabaji pake palembedwa Muzondo.
Zipi wa sutikesi walira ngati nkhuku yogwidwa usiku,
ndipo pansi pa majuzi, pambali pa nsapato za Esinati,
atatu aja ali ndanda,
ngati ana opezeka m'munda wa nzimbe.

"Kopanda msonkho n'komwe munagulako," akutero mosakwiya.
"Pakhomo pano pali muyezo wake.
Zopitirira muyezo mulipira, apo ayi zitsala."
Akuwerenga mapaketi ndi nsonga ya cholembera,
milomo ikuyenda osatulutsa mawu.

Ndikufuna kumuuza kuti mayi, fodyayu si mlendo.
Bambo anga anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere,
anathyola tsamba m'mafamu a ku Mvurwi mpaka zala kuda phula,
kenaka zaka makumi atatu akukankha mabelo kuokushoni.
Dzina loti Filimoni linatayika m'fumbi la m'shedi,
onse ankangoti a Sikelo,
poti dzanja lawo linkatchula kulemera kwa belo
muvi wa sikelo usanaime.
Mwina tsamba ili n'lakonkuno.
Linachoka litavala chiguduli,
labwerera mu suti yonyezimira, likuyankhula chizungu,
ndiye mukulilipiritsa polowa kwawo?

Sindinanene.
Makina owerengera samva mbiri ya munthu.
Ndapereka madola, ena osalala, ena otopa,
zonse zomwe ndinapulumutsa panyanja
ndi zina pamwamba.
Chidindo chagunda kawiri. Lisiti m'manja.
Chotchipa chimadulira pakhomo.

Ku Mabvuku mipope ikadali youma,
zigubu zili pamzere kuchitsime monga ndinazisiyira.
Bambo ali pakhonde, m'jekete lomwe lawakulira.
Ndisanatsitse chikwama, mayi andikokera kuseri:
"Anasiya mu Juni. Akuchipatala anati chifuwa chatha.
Tinati tisakuuze, ungagwere m'madzi ndi nkhawa."

Ndawapatsabe. Ndikanatani nawo?

Atsekula paketi imodzi modekha, ngati kalata.
Sapempha machesi.
Ang'amba ndudu ndi chikhadabo cha chala chachikulu,
akhuthulira m'chikhatho, afikisa, anunkhiza,
maso ali chitsinzinire.
"Wosakaniza uyu," akutero.
"Wathu alimo, koma pang'ono, wam'munsi mwa phesi.
Enawa sindikuwadziwa kwawo."

Kenaka aona pepala lasuzumira m'pasipoti.
Alitenga, alitalikitsa ndi maso,
awerenga nambala ija kawiri
n'kuyamba kuseka,
kuseka mpaka chifuwa chalanda kusekako,
mayi athamangira kapu ya madzi.
Mpweya utabwerera akuti,
"Ine fodya ndinamunyamula pamsana ulere-ulere,
iwe wamunyamula m'ndege n'kumulipirira mpando."

Makatoni awiri apita kubawo m'mawa mwake.
Yachitatu ili pakabati, yotsekula paketi imodzi.
Lisiti ndiye alipinda kanayi,
aliika m'chitini cha mabisiketi
momwe muli chitupa chawo chakale
ndi chithunzi changa cha sitandade wani.