Zotsalira Pambuyo pa Kadontho

Chiperoni chakuta Chitakale kuyambira dzulo.
Magetsi abwera ndi tambala woyamba,
ndiye ndadzuka, bulangete paphewa,
kuti ndimalize gemu yanga ya wothyola tiyi.

Mu sikilipiti moyo ndi wofewa.
Dzina lililonse ndi thumba la kumsika:
lero ponyamoni nambala, mawa mawu,
mkuja ngakhale nanazi,
silifunsa, silinyinyirika.
Koma injini imene ili pansi pake
ndi kalaliki wa pasikelo.
Isanalandire kanthu imayamba yafunsa:
Ndiwe wamtundu wanji? Udya malo aakulu bwanji?

Pakati pa awiriwa pali ine,
womasulira wosalipidwa.

Lolemba ndinatumiza 12 kuti aonkhetsedwe ndi 3,
yankho linabwera 123.
Donasiyano, mng'ono wanga, anaseka mpaka kutsamwa:
kamunthu kathu kalemera tsiku limodzi!
Chonsecho 12 uja sanali nambala,
anali mawu obwereka jekete la nambala.
Lachiwiri ndinapereka thumba lopanda kanthu,
injini inapisamo dzanja, n'kukomoka pomwepo.

Zimenezo n'zabwinoko, zimakuwa.
Ya Lachitatu ndiyo yandisowetsa tulo.
Kamunthu kanathyola makilo 18.7,
ndinawaolotsa ngati nambala yathunthu,
tsidya linalo anafika ali 18.
Palibe chinalira, palibe chofiira pasikirini.
Kadontho ndi seveni wake zinangomira
ngati khobidi logwera mu Likhubula.

Amayi anga, a Felesita Namakhwa,
zaka makumi awiri dengu kumsana,
zala zakuda ndi utomoni wa nsonga.
Madzulo ankabwera ndi mawu a kalaliki Mulepa
atawamanga pansonga ya chitenje:
"Zapamwambazo ndi mame, mayi."
Mame a Lolemba, mame a Loweruka,
mame a chaka chimene ndinakhala pakhomo
chifukwa fizi inaperewera pang'ono.
Pang'ono pomwepo.

Tsono m'mawa uno ndamanga mlatho wina.
Chilichonse chofuna kuoloka ndiyamba ndachifunsa dzina.
Mawu akhale mawu mpaka nditawavula jekete ndekha.
Thumba likakhala lopanda kanthu, linene, tisanamizane.
Ndipo kulemera kwa tiyi ndakupatsa mtundu wa kadontho,
ngakhale injini iwerenge motsimphina.

Amayi alowa ndi kapu ya madzi otentha,
aima kumbuyo kwanga, akununkha utsi wa bulugamu.
Pasikirini kamunthu katula dengu.
18.7.

"Ameneyu akumulembera zonse?"
Zonse, amayi.
"Ndi mame omwe?"
Ndi mame omwe.

Ayang'ana nthawi yaitali.
Panja thalakitala ya ku esiteti yadutsa, phiri silikuoneka.
"Ndiye si kuno kumeneko," atero,
n'kundisiyira kapu pafupi ndi mbewa ya kompyuta,
pamene ndimawaletsa masiku onse.